TINAKWERA MAPIRI A MANENEKELA KUKAONA DZIKO LATHU

Ife anthu a kuno ku Feira timayenda kawirikawiri, koma maulendo athu ambiri ndi a mavuto. Timakwera basi kupita kumaliro, kuperekeza wodwala, kukagulitsa nsomba, kukalondola feteleza kapena kusiya mwana kusukulu. Munthu akanena kuti akupita kukaona mapiri cabe, anzake amamuyang'ana ngati mutu wake sukuyenda bwino. Ndi mmene zinakhalira pamene tinalengeza pambuyo pa mapemphero a pa Sondo kuti tikukonza ulendo wa masiku awiri wokaona mapiri ndi mitsinje. Agogo ena anafunsa mokweza kuti, “Akatekisti, kodi phirilo likakupatsani nsima?” Chalichi conse cinaseka, ndipo ifenso tinaseka nao. Lero tikulemba kuti tiwayankhe agogowo, pamodzi ndi inu owerenga amene mungakhale ndi funso lomwelo.

Ulendowu tinauyenda mu September 2025, m'nyengo imene Mpingo umapempherera cilengedwe, kuyambira pa 1 September mpaka pa 4 October, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi. Tinalipo anthu asanu ndi atatu: akatekisti awiri, aphunzitsi ena opuma pa nchito, amai amene amatsogolera bungwe la azimai, msodzi mmodzi, mlimi mnzathu wa m'mphakati mwathu, mnyamata wa m'kwaya ndiponso mwini motoka amene anali woyendetsa. Tinasonkha ndalama za mafuta kwa miyezi itatu. Kamba wa panjira anali mbatata zophika, nsomba zouma, masau ndi zigubu zinai za madzi.

Pa mathiriro a Luangwa

Tinagwirizana kuti tisathamangire za kutali tisanaone za pakhomo. Cotero m'bandakuca wa pa Cisanu tinayamba taima pa boma, pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Ambiri a ife tapitapo pamalowa kosawerengeka, koma nthawi zonse tili ndi katundu pamutu ndi changu m'miyendo. Tsikuli tinaima cabe ndi kuyang'ana. Dzuwa linatuluka kumbuyo kwa mapiri a ku Zumbo, m'dziko la Mozambique. Kutsidya la Zambezi kunali kuoneka utsi wa m'makhichini a ku Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Mvuu zinali kulira capakati pa madzi, ndipo asodzi anali kubwera ndi mabwato ao. Munthu ataima pamenepa amaona maiko atatu osasuntha phazi.

Aphunzitsi anatiuza cinthu cimene ambiri sitinali kucidziwa. Anati malo otsika kwambiri m'Zambia yense ali kuno kwathu, pafupifupi mamita 330 pamwamba pa nyanja yaikulu, pamene Lusaka ali pa mamita oposa 1,200. Ici ndico cifukwa cake kuno kumatentha cotere, pakuti mpweya umazizira munthu akamakwera, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse. Mvulanso imatipeza yocepa. Akatswiri a zaulimi amaika cigwa cathu m'cigawo cimene cimalandira mvula yosafika mamilimita 800 pa caka. Msodzi uja anati, “Ndiye kuti, Aphunzitsi, ife tikhala pansi pa mphika?” Aphunzitsi anavomera kuti ndi momwemo.

Malowa ali ndi mbiri yaitali. Dzina lakuti Feira ndi liu la Cipwitikizi lotanthauza msika. M'zaka za m'ma 1700 amalonda a Cipwitikizi anakhazikika ku Zumbo ndi kuno, kugula minyanga ya njovu, golide ndi mkuwa, ndipo pambuyo pake malonda oipa a akapolo anakula. Dzina la Kanyemba ndi la mtsogoleri wa Acikunda wa m'zaka za m'ma 1800, amene Apwitikizi anali kumudziwa ndi dzina lakuti José do Rosário Andrade. David Livingstone anafika pa mathiriro ano mu January 1856, m'dziko la mfumu Mburuma, ndipo anapeza mabwinja a chalichi ca miyala ndi belu losweka. Tinaganiza za belu limenelo kwa kanthawi. Panali Akristu amene analimva likulira, koma pofika caka cimeneco panalibe wolimenya. Cinthu cimene anthu aleka kucisamala cimatha, ngakhale cikhale ca miyala ndi citsulo.

Tinayang'ananso kumadzulo, kumtunda kwa Zambezi, kumene kuli Kavalamanja. Pa 6 March 1978 asilikali a Rhodesia anaukira malowo cifukwa kunali msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe, ndipo anthu anafa, Azambia pamodzi ndi alendowo. Ena a ife tinali ana pa nthawiyo, koma tikukumbukira makolo athu akunong'onezana usiku. Tinanena pemphero la akufa, kenaka tinakwera motoka.

Mseu wa ku ulalo

Kucoka pa boma kufika pa Luangwa Bridge ndi makilomita pafupifupi 90. Acinyamata a lero sadziwa mmene mseu uwu unalili usanaikidwe tara m'nchito ya Link Zambia 8000, imene inayamba mu 2012. Kale ulendo umenewu unali kudya tsiku, ndipo nthawi ya mvula motoka inali kugona panjira. Mnyamata wa m'kwaya uja anamva nkhanizi ngati nthano.

Mu September thengo la m'cigwa limakhala louma gwa. Mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani, inali itayoyola masamba, ndipo milambe inaima yoyera ngati nkhalamba zosavala malaya. Koma m'mbali mwa mtsinje munali mobiriwira ndi madimba, mitengo ya masau ndi misangu. Kumanzere kwathu kunali mapiri amene amachinga cigwa, kumanja mtsinje, ndipo kutsidya kwake mapiri a ku Mozambique. Pamalo ena tinapeza ndowe za njovu zaziwisi pa tara penipeni. Woyendetsa anacepetsa liwiro, ndipo m'motoka munakhala zii. Kwa mlendo wocokera kunja njovu ndi cinthu cokongola cojambula. Kwa ife ndi nyama imene imatha munda wa caka conse usiku umodzi, ndipo m'midzi yathu muli mabanja amene anaika maliro cifukwa ca iyo. Tikamakamba za kukongola kwa cilengedwe sitiiwala zimenezi.

Tinapatuka pang'ono pa Katondwe, pafupifupi pakati pa ulendo wa ku ulalo. Cikhulupiriro cathu cinalowa m'dera lino kudzera kutsidya. Ansembe a Cijezwiti anali ndi mishoni ku Miruru, m'dziko la Mozambique, ndipo Bambo Jules Torrend anacokera kumeneko pokayambitsa Kasisi mu 1905. Mu 1910 boma la ku Portugal linasintha, ndipo olamulira atsopano anathamangitsa Ajezwiti m'maiko ao onse. Ansembewo anaoloka Luangwa ndi kukhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe, ndipo pambuyo pake kunafika anzao ocokera ku Poland. Ambiri a ife tinabadwira kapena kucirira m'cipatala ca mishoni imeneyi. Amai a bungwe aja anati iwo akhala akubwera pa Katondwe zaka makumi anai, koma sanakwezepo maso kuona mapiri ozungulira, cifukwa nthawi zonse anali kuyang'ana wodwala amene anabwera naye.

Pa Luangwa Bridge tinafika dzuwa litakwera. Msika wa pamenepa mumaudziwa: nsomba zouma zoyalidwa m'mathebulo, madengu, zipewa ndi mphasa zolukidwa ndi manja a anthu athu, mabasi a ku Chipata ataima mndandanda. Tinatsikira ku ulalo wapansi, titapempha cilolezo kwa acitetezo. Ulalo umene ulipo lerowu unatsegulidwa mu 1968, ndipo umalendewera pa zingwe zacitsulo zomangidwa ku nsanamira zazitali. Woyamba unamangidwa mu 1932. Pansi pake Luangwa anali atacepa, madzi akuyenda m'timifuleni pakati pa mcenga. Mtsinjewu umacokera ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi, ndipo umayenda makilomita oposa 700 usanafike kwathu. Kumtunda pang'ono kwa ulalo umalandira madzi a Lunsemfwa. Msodzi wathu anayang'ana mcengawo nthawi yaitali, nati maiwe ena amene atate ake anali kuponyamo ukonde lero ana amasewerapo mpira. Mau amenewa tinawakumbukira titafika pamwamba.

Kukwera Manenekela

Kucoka pa ulalo kulowera ku Lusaka, mseu wa Great East umayamba kukwera. Awa ndiwo mapiri a Manenekela, amene dzina lao timalimva kawirikawiri pa wailesi pakacitika ngozi. Mseu umakhota ngati njoka, mbali ina khoma la miyala, mbali ina phompho. Tikakhala m'basi ambiri timatseka maso pamalowa ndi kugwira korona. Tsikuli tinapempha woyendetsa kuti ayende pang'onopang'ono kuti tione.

Motoka yathu ndi yokalamba, ndipo isanafike pamwamba inayamba kutulutsa nthunzi kutsogolo. Tinaikankhira pambali pamalo otakasuka, tinaika nthambi pamseu kucenjeza ena, ndipo tinadikira kuti injini izizire tisanathiremo madzi. Zigubu ziwiri mwa zinai zija zinathera m'menemo. Poyamba tinadandaula, koma kuima kumeneku ndiko kunatipatsa cimene tinadzera. Tinakwera kamtunda kena pafupi ndi mseu, ndipo titaceuka tinaona kumene tinacokera.

Abale, dziko lathu ndi lokongola. Mapiri anali atandandalikana mzere pambuyo pa mzere, apafupi ofiirira, apakati obiriwira, akutali ngati utsi, mpaka maso kulephera kusiyanitsa phiri ndi thambo. Pansi patali panali cigwa cathu cikunyezimira ndi kutentha. Kamphepo kozizira kanali kuomba, ndipo ife ozolowera thukuta tinayamba kufuna majuzi. Cimene cinatidabwitsa kwambiri ndi mitengo ya miombo. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho, koma inali itaphuka masamba atsopano ofiira, ena ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena acikasu. Mitengoyi imatulutsa masamba mvula isanabwere cifukwa mizu yake imafika pansi pamene pali cinyontho. Mnyamata wa m'kwaya anati iye anali kuganiza kuti mitengo yofiira imapezeka m'makalendala a kwa azungu cabe.

Aphunzitsi anatola timiyala tiwiri ndi kutionetsa mmene cigwa cinapangikira. Anati kalekale nthaka inang'ambika m'mizere iwiri, ndipo gawo la pakati linatitimira pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka, m'mbali mwake n'kutsala mapiri. Cigwa ca Luangwa ndi ca mtundu umodzi ndi cimene muli nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Amai a bungwe anafunsa ngati zimenezi sizitsutsana ndi zimene timaphunzitsa ana pa katekisimu. Tinawayankha monga mmene ansembe anatiphunzitsira ku seminale tili anyamata, kuti Buku Loyera limatiuza amene analenga ndi cifukwa cake, ndipo sukulu imatiuza njira imene zinthuzo zinayendera. Mmisiri sacepa cifukwa cakuti wadziwa mmene anagwirira nchito yake.

Matumba a m'mbali mwa mseu

Tikadabwerera pamenepo, nkhani yathu ikadakhala ya cimwemwe cokha. Koma titapitiriza ulendo kulowera ku Rufunsa tinayamba kuona matumba a malasha ataimikidwa m'mbali mwa mseu, pena asanu, pena makumi awiri, mudzi ndi mudzi. Kuseri kwa midziyo mapiri ena anali ometedwa. Panatsala zitsa, nthaka yakuda pamene panali mauvuni, ndi ngalande zimene madzi a mvula anakumba potsika. Kwina utsi unali kufuka. Malole odzaza matumba mpaka pamwamba anali kutipitirira kulowera ku Lusaka.

Katekisti mnzathu anayamba kukalipa. Anati anthu oocha malasha ndi adani a Mulungu ndi a dziko, ndipo boma liyenera kuwamanga onse. Ena tinavomereza ndi mitu. Mlimi wa m'mphakati mwathu uja anakhala cete mpaka tinaima kuti tidye. Pamenepo anati, “Akatekisti, ngati ndi tero yambani kumanga ine. Mu 2024 ndinaocha mauvuni asanu ndi limodzi. Cimanga canga cinauma cisanamasule. M'nyumba munali ana asanu ndi amai anga okalamba. Mbuzi ndinagulitsa zonse. Kodi mukadakhala inu mukadawapatsa ciani anawo?”

Palibe amene anayankha msanga. Tonse tikuikumbukira njala ya caka cimeneco. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'damu la Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja a m'tauni amene anali kuphikira pa sitovu anatembenukira ku mbaula. Cotero mlimi amene munda wake unapsa anapeza kuti cinthu cimodzi cokha cimene cinali ndi msika ndi mtengo wa kuphiri. Wa m'tauni anafuna kuphika, wa kumudzi anafuna kudya, ndipo phiri ndilo linalipira onse awiri. Amai a bungwe anakumbutsa katekisti mnzathuyo kuti tiyi amene anamwa m'mawa umenewo anaphikidwa pa malasha. Iye anaseka mwamanyazi, napepesa kwa mlimiyo, nati, “Alamu, ndalankhula ngati munthu wokhuta.”

Koma mlimiyo sanafune kuti timukhululukire mwacangu cotero. Anati iye mwini akudziwa cimene anaononga. Kamtsinje ka kuseri kwa munda wake, kamene kanali kusunga madzi mpaka August, caka cotsatira kanauma mu June. Ndalama za mauvuni aja zinatha mvula isanagwe, ndipo amene anapindula kwambiri ndi mwini lole amene anagula pamseu ndi kukagulitsa ku Lusaka. Cifuwa cimene anatenga ku utsi cikumuvutabe.

Pamenepa m'pamene tinamvetsa mau a msodzi aja pa ulalo. Phiri likakhala ndi mitengo, masamba amachinga mphamvu ya mvula, zinyalala za pansi zimagwira madzi, ndipo mizu imawalowetsa m'nthaka, kumene amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'cilimwe. Phiri likametedwa, madzi amatsika tsiku limodzi atanyamula dothi. Dothilo limakathera m'timitsinje, timitsinje timalipereka kwa Luangwa, ndipo Luangwa amalitula m'maiwe a nsomba ndi m'madimba athu. Ife a kumunsi timalandira zonse zimene a kumtunda ataya. A zankhalango akhala akuchula kuti Zambia amataya mahekitala a nkhalango pakati pa 250,000 ndi 300,000 pa caka. Nambala yotere munthu sungaione m'maganizo, koma phiri limodzi lometedwa tinaliona ndi maso.

Usiku tinagona kwa abale a mnzathu m'dera la mfumu Mpanshya. Anatilandira ndi nsima ya nkhuku, ndipo tinaceza pamoto mpaka usiku. Kunazizira kwambiri moti msodzi wathu anagona atavala zovala zake zonse. Mwini nyumba anationetsa ming'oma yake ya njuci imene anapacika m'nkhalango ya kuseri kwa mudzi. Anati kuyambira pamene anayamba kugulitsa uci, iye ndiye amakhala woyamba kuthamanga moto ukabuka, cifukwa mtengo woimirira umamupatsa ndalama caka ndi caka, pamene uvuni umalipira kamodzi.

Madzi otentha a Chinyunyu

M'mawa wa pa Ciweru tinapitirira Rufunsa, amene anakhala boma paokha mu 2012, mpaka tinafika pa Chinyunyu, pafupi ndi mseu waukulu. Apa madzi amatuluka pansi ali otentha, nthunzi ikufuka, ndipo pamene akutulukira sungaikepo dzanja nthawi yaitali. Anthu amakamba zambiri za malowa, ndipo ena amatunga madziwo kupita nao kwao ngati mankhwala. Aphunzitsi anafotokoza kuti ndi madzi a mvula amene amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya miyala, amatenthedwa ndi miyala ya pansipo, kenaka amakankhidwira kumwamba. Tinasambitsa mapazi kumunsi kumene madzi azizirako, ndipo amai a bungwe anati maondo ao apepuka. Tinawauza kuti asaleke kumwa mankhwala a kucipatala. Cimene cinatikhumudwitsa ndi mapepala a pulasitiki ndi mabotolo otayidwa ndi alendo anzathu. Tinatola zodzaza thumba limodzi tisanacoke.

Pobwerera tinayang'ana kum'mwera, kumene mapiri amatsikira ku Lower Zambezi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1983 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 4,000. Alendo amacokera ku Ulaya ndi ku America, kulipira ndalama zambiri kuti aone zimene zili kuseri kwa nyumba zathu. Mwa ife asanu ndi atatu panalibe ndi mmodzi yemwe amene analowamo. Tikukumbukiranso mkangano wa zaka zambiri wa mgodi wa kopa pamalo ochedwa Kangaluwi, mkati mwa pakiyo, umene boma linauimitsa mu 2023. Pa nthawiyo anthu a kutali analankhula kwambiri, ena kufuna nchito, ena kufuna nyama ndi madzi, koma ife eni dera ambiri tinakhala cete cifukwa malowo sitiwadziwa. Munthu sangaikire umboni munda umene sanaupondemo.

Zimene tinabwera nazo

Tinatsika Manenekela madzulo, kutentha kwa kwathu kukutilandira pang'onopang'ono, ndipo tinafika pa boma nyenyezi zitatuluka. M'njira tinapangana zinthu zingapo, ndipo tikuziika pano kuti inu owerenga mudzatifunse ngati tazicita.

Coyamba, sitidzaimanso pa guwa ndi kunyoza oocha malasha ngati kuti ife tilibe mbaula. Mu 2015 Papa Francis analemba kalata yochedwa Laudato Si', ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti kuonongeka kwa dziko ndi kuvutika kwa amphawi ndi nkhani imodzi. Tinaziona zimenezi pamseu wa Rufunsa. Ngati tifuna kuti mnzathu asiye nkhwangwa, tiyenera kumuthandiza kupeza cina cogwira: njuci, mbuzi, dimba, kuluka mphasa, kuumitsa masau ndi malambe. Magulu osunga ndalama a m'miphakati angathe kubwereketsa poyambira.

Caciwiri, alimi anzathu, tiyeni tibwerere ku mbeu zimene zimapirira m'cigwa muno. Mapira, mawere ndi nyemba za khobwe zinasunga makolo athu zaka za cilala. Cimanga ticibzale ca msanga, m'maenje osunga madzi, ndipo mapesi tisaoche. Msangu umamera wokha kwathu kuno. Umagwetsa masamba nthawi ya mvula, motero suchinga dzuwa ku mbeu, ndipo masambawo amasanduka manyowa. Alangizi amati ubzalidwe motalikirana mamita 10. Tidziwe cabe kuti njovu zimakonda zipatso zake monga mmene mbuzi zimazikondera, cotero tisaubzale pafupi ndi nyumba.

Cacitatu, pamene mitengo inadulidwa kale, zitsa za miombo ndi tsanya zimaphukanso ngati tiziteteza ku moto ndi ku mbuzi. Tisiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa citsa ciliconse, zina tidule. Moto wa mu September ndi October ndiwo umapha mitengo yaing'ono, ndipo ambiri a moto umenewu timayatsa tokha posaka mbewa. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna cilolezo kwa aliyense woocha ndi kunyamula malasha a malonda, komanso limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu ndi kupatsidwa nkhalango yao kuti aziisamala ndi kupindula nayo. Tapempha mafumu a midzi yathu kuti nkhaniyi aifikitse kwa a Senior Chief Mburuma ndi a Chief Mphuka, ndiponso kwa a ofesi ya nkhalango pa boma.

Cacinai, tiyeni tiwaonetse ana athu dziko lao. Sikofunika motoka kapena ndalama zambiri. Mphakati uliwonse uli ndi phiri kapena kamtsinje pafupi. Pa Ciweru cimodzi aphunzitsi a katekisimu angathe kutenga ana, pamodzi ndi munthu wamkulu wodziwa njira za njovu, kukwera nao ndi kuwauza maina a mitengo, a mbalame ndi a mapiri m'Cinsenga ndi m'Cikunda, maina amene akutha pamodzi ndi nkhalamba zathu. Mwana amene adziwa dzina la mtengo amayamba waganiza asanaudule.

Kwa agogo aja amene anafunsa ngati phiri lingatipatse nsima, yankho lathu ndi lakuti inde, lakhala likutipatsa kuyambira kale. Madzi a m'dimba mwanu, nsomba ya pa mbale yanu, uci, bowa, nsici za nyumba ndi mankhwala a mwana akadwala m'mimba, zonsezi zimatsika kuphiri. Ife tinayenera kuyenda makilomita oposa 400 kuti tizindikire zimenezi.

Mlimi mnzathu uja wapacika ming'oma inai pamalo pamene anaocha mauvuni ake, ndipo mphakati unamuthandiza matabwa. Njuci zalowa mu umodzi. Amene afuna kudzaona, kapena kulembetsa ana ao pa ulendo wotsatira, aonane ndi akatekisti a ku senta kwao pambuyo pa mapemphero a pa Sondo.